Mame Atakamuka

Kwathu ku Ntcheu akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu amaunena pofuna kukhazika mtima pansi mwininyumba amene wayamba kuwerenga mitanda ya nsima yomwe mlendo wadya: pirirani, mawa lomweli abwerera kwawo. Koma kwa ife ogwira ntchito m'mahotela ndi m'malo odyera, mwambiwu uli ndi mbali ina. Ife timadya chifukwa cha mamewo. Wogulitsa chimanga akasowa wogula lero, chimanga chake chimamudikira m'thumba mpaka mawa. Chipinda cha hotela sichidikira. Chikagona chopanda munthu usiku wa Lachiwiri, ndalama ya usiku umenewo yapita basi, sungaisunge m'nkhokwe kuti udzaigulitse Loweruka. N'chifukwa chake mu 2020, maboma atatseka zipata zawo pofuna kuthana ndi mliri wa Covid-19, ntchito yathu inali m'gulu la ntchito zoyamba kugwa ndi zomalizira kudzuka.

Ndayala mabedi kwa zaka zoposa 10 mu hotela ina ya kumpoto kwa Johannesburg, ku Joni monga timanenera Amalawi. Koma kogona kwanga ndi ku Orange Farm, makilomita oposa 40 kummwera kwa mzindawu. Derali linayamba cha mu 1988, pamene anthu ochokera m'mafamu ndi ena osowa pokhala anadzamanga zisakasa za malata m'mbali mwa njira yopita ku Vereeniging. Mlendo wotsika ndege pa bwalo la OR Tambo safika kuno. Koma mukaima pafupi ndi siteshoni ya Stretford kapena m'mphepete mwa msewu wa Golden Highway cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, mudzaona anthu amene amamulandira mlendoyo: oyala mabedi, ochapa, ophika, otsuka mbale, alonda ndi operekera zakudya. Muli Asutu, Azulu, Atsonga, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique ndi ife a ku Malawi. Ambiri mwa ife ndifenso alendo m'dziko lino. Kusiyana kwake n'kwakuti ena ndi alendo a masutikesi, ife ndife alendo a maepuloni.

Amuna anga anali weita pa malo ena odyera ku Rosebank. Malipiro awo enieni anali ochepa. Chomwe chinkatidyetsa ndi matipu, ndalama zija odya amasiya patebulo. Choncho banja lathu lonse, ife awiri, ana athu awiri ndi amayi anga kumudzi, linakhala pa nthambi imodzi.

Wodwala woyamba m'dziko muno analengezedwa pa 5 Malichi 2020, bambo wa ku KwaZulu-Natal amene anali atangobwera kuchokera ku Italy. Pa 15 Malichi Pulezidenti Cyril Ramaphosa analengeza kuti dziko lili pa ngozi, naletsa alendo ochokera m'mayiko monga Italy, China, Germany, Britain ndi America, komanso misonkhano ya anthu oposa 100. Ine kukula kwa nkhaniyi ndinakuona papepala la ntchito. M'mawa uliwonse woyang'anira wathu amatipatsa pepala la manambala a zipinda zoti tikonze, ndipo langa linkakhala ndi zipinda 14. Sabata imeneyo zinatsika kufika pa 9, kenako 5, kenako 2. Oyamba kusowa anali anthu a misonkhano ya makampani, amene amadzaza mahotela a mu Joni pakati pa sabata. Otsala anali okhawo amene ankasakasaka ndege yobwerera kwawo.

Pa 23 Malichi kunalengezedwa m'bindikiro wa masiku 21, woyamba pakati pa usiku wa pa 26 Malichi. Tinali ndi masiku atatu oti titseke nyumba yomwe sinatsekedwepo chiimangireni. Kiyi wa chitseko chachikulu anasakidwa theka la tsiku, poti palibe ankakumbuka komwe ankakhala. Tinavula mabedi onse, tinazimitsa timafiriji ta m'zipinda, tinatseka makatani. Nyama, mazira ndi ndiwo zamasamba za m'khitchini anatigawira. Ndinafika ku Orange Farm ndi chikwama chodzaza tchizi cha mtundu umene ana anga anaulawa kamodzi n'kulavula.

Anthu akamafunsa kuti mahotela anapulumuka bwanji, yankho lomwe limamveka pawailesi ndi lakuti anasintha kachitidwe ka zinthu, anaphunzira njira zatsopano. N'zoona. Koma ine ndinaziona kuchokera pansi, ndipo pansipo zinkaoneka motere. Hotela ili ndi zolipira zimene singazithawe: ngongole ya kubanki, msonkho wa khonsolo, inshuwalansi, alonda, magetsi. Ngakhale itatsekedwa, pamafunika munthu woyenda chipinda ndi chipinda sabata iliyonse kukatsegula mipopi ndi kugujumula zimbudzi kuti madzi asanunkhe kapena kuswa tizilombo m'mapaipi. Chinthu chomwe chimapindika msanga ndi malipiro a anthu. Mpeni unayambira pamenepo, ndipo unadula motsata mndandanda. Oyamba anali aganyu, oitanidwa pokhapokha hotela ikadzaza, pamodzi ndi amene anabwera kudzera m'makampani obwereketsa antchito. Iwo anangolandira uthenga wa pafoni. Achiwiri tinali ife olembedwa, amene tinauzidwa kuti titenge masiku athu a tchuthi, ndipo akatha, popanda ntchito palibenso malipiro. Manijala wathu potiuza izi ankachita kutsamwa mawu. Sindimuona ngati munthu woipa, pakuti nayenso malipiro ake anadulidwa pakati. Koma theka la malipiro a manijala limagulabe chakudya, pamene ife tinalibe ngakhale thekalo.

Boma linabweretsa thandizo. Thumba la UIF, limene timasonkhako kangachepe mwezi ndi mwezi, linatsegula ndondomeko yotchedwa TERS yolipira antchito amene makampani awo anaima, ndipo wolandira zochepetsetsa ankayenera kupeza R3,500 pamwezi. Poyamba wopempha ndalamayi anali bwana, osati wantchito. Anzanga a ziphaso za dziko lino anayamba kulandira mu Meyi. Mapepala a ife a mapasipoti ofesi ya hotela yathu inawaika pambali kuti idzawatumize paokha, moti yanga yoyamba inafika mu Ogasiti. Itafika inatisunga ndithu. Amuna anga sanalandire kalikonse, chifukwa zinapezeka kuti abwana awo sanawalembetse n'komwe. Panalinso R350 ya pamwezi ya anthu osowa ntchito. Mu Juni 2020 bungwe la Scalabrini Centre la ku Cape Town linapambana m'khoti kuti ndalamayi ifikirenso opempha malo othawirako ndi okhala ndi ziphaso zapadera za ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Amalawi tilibe chiphaso chapadera chotero.

Kumapeto kwa Epulo nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Tito Mboweni, inanena kuti malo odyera akadzatsegulidwa, antchito a dziko lino ayenera kudzachuluka kuposa obwera. Nkhaniyi tinaimva pawailesi tili pabwalo: ine, amuna anga, agogo eni nyumba ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka 30, amene chitsirizireni sukulu sanalembedwepo ntchito yokhazikika. Palibe anayankhula. Ndinamvetsa chomwe chinali mumtima mwa mnyamatayo, ndipo ndikukhulupirira kuti nayenso anamvetsa chathu. Chomwe tonse pabwalopo tinkachidziwa n'chakuti eni malo odyera ambiri amakonda obwera chifukwa wobwera amavomera kugwira ntchito ya matipu okha, ndipo safunsa za UIF. Masana amenewo mwana wa agogo ndi amuna anga anasonkha makobiri awo n'kugula buledi mmodzi.

Agogowo ndi Msutu, mayi wa penshoni amene kuseri kwa nyumba yake kuli zipinda zitatu za malata, ndipo chimodzi ndi chathu. Kuno mwininyumba timamutcha mastandi, ndipo dzinali silitchulidwa mokoma kawirikawiri. Lendi ya zipindazo ndiyo inkawonjezera penshoni yawo. Meyi atalowa ndinakagwada pakhomo pawo ndi R200 m'malo mwa R800. Anaiyang'ana ndalamayo n'kundibwezera. "Ngwanaka," anatero, kutanthauza kuti mwana wanga, "kagule palafini, kuzizira kwafika. Ngongoleyo uilembe m'buku lako, ine maso anga saona." Boma litawonjezera R250 pa penshoni ya okalamba kwa miyezi 6, thumba la ufa lomwe ankagula linkaima pakhonde, ndipo aliyense wa pabwalopo ankatapa. Ine ndinaphunzitsidwa kulandira alendo ndi anthu a masatifiketi: kamwetuliridwe kake, kapindidwe ka thawulo, kagogodedwe ka chitseko. Koma chaka chimenecho malo ogona alendo amene ndinawaona osatseka chitseko chawo anali kuseri kwa nyumba ya agogo.

Si onse anali ndi mastandi wotere. Mu Meyi mabasi anayamba kututa Amalawi amene anasowa pogwira, kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza. Ena mwa iwo tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo anagulitsa firiji ndi bedi pa mtengo wozizira kuti apeze ya tikiti. Kenako tinamva kuti anthu oposa 400 amene anasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre podikira zotsatira za kuyezedwa anathawapo. Kumudzi anthu anayamba kuwaopa a ku Joni, omwe aja kale ankalandiridwa ndi nthungululu chifukwa cha mabulangete ndi njinga. Ku Malawi kunalibe m'bindikiro, poti khoti lalikulu linauimitsa pa 17 Epulo usanayambe. Amayi anga ankaimba foni kuti, "Mwananga, bwerani. Chimanga takolola, simudzagona ndi njala." Tinakambirana usiku wonse. Kupita kunatanthauza kutaya malo anga pa hotela, kuchotsa ana pasukulu, ndi kudzayambiranso pansi zinthu zikadzakhala bwino. Tinatsala. Koma kwa miyezi 5 foni ya amayi sinalire ndi uthenga wa Mukuru, ndipo nyengo yodzala itafika anadalira feteleza wotsika mtengo wa boma, wa K4,495 pa thumba.

Mu Juni ndinaitanidwa. Hotela yathu, monga mahotela ena ambiri, inalowa m'pangano losunga anthu obwerera kuchokera kunja, amene lamulo linkati akhale kwaokha masiku 14. Mwa oyala mabedi 16 anasankha anthu 5. Ndinayenda ndi kalata ya abwana yoonetsa apolisi ndi asilikali pamsewu. Sitima zinali zitaima, ndipo m'miyezi imeneyo mbava zinazula mawaya ndi zitsulo m'masiteshoni ambiri a mu Gauteng. Matakisi, amene kwathu timati maminibasi, sankaloledwa kudzaza. Pofuna kuti tisabweretse matenda kapena kupita nawo kwathu, hotela inkatigoneka komweko milungu iwiriiwiri. Umu ndi mmene ndinagonera koyamba m'chipinda chomwe ndinachikolopa kwa zaka zambiri. Tulo sitinabwere. Bedi linali lofewa kwambiri, ndipo maso anga ankangoona fumbi pamwamba pa galasi.

Ntchito inasanduka ina. M'zipinda sitinkalowamo. Chakudya chinkaikidwa m'mabokosi, ife n'kuchisiya pakhomo, kugogoda, n'kufutuka msanga. Zofunda zakuda mlendo ankaziika yekha m'thumba la pulasitiki n'kulimanga. Alendo tinkawadziwa ndi mawu okha: wa pa 214 wotsokomola, wa pa 220 woimba nyimbo za kutchalitchi m'mamawa, ndi mayi wa pa 231 amene ankandipempha kuti ndiime pang'ono kuseri kwa chitseko ticheze, poti anali atatha masiku 9 osamva mawu a munthu pafupi. Nkhope yake sindinaione mpaka tsiku lotuluka, ndipo ngakhale tsikulo ndinangoona maso. Hotela inapeza yolipirira magetsi. Ife tinalipidwa masiku okhawo amene tinagwira.

Kumalo odyera zinthu zinkatseguka pang'onopang'ono. Kuyambira pa 1 Meyi analoledwa kuphika chakudya chokapereka kumakomo kokha. Pamenepo weita analibe ntchito. Ntchito inali ya wanjinga. Amuna anga, amene anali asanayendetsepo njinga yamoto, anaphunzira pa bwalo la mpira la fumbi kuno, n'kubwereka njinga kwa Mmalawi mnzathu, yolipira sabata ndi sabata. Pakati pa sabata ankagona kwa mnzawo mtauni, chifukwa Orange Farm ndi kutali. Pa 29 Juni anthu analoledwa kukhala pansi n'kudya, koma popanda mowa kapena vinyo. Wosadziwa angafunse kuti nanga vuto n'chiyani. Phindu la malo odyera ambiri limachokera m'tambula kuposa m'mbale, ndipo tipu ya weita imatengera kukula kwa bilu yonse. Pa 12 Julayi mowa unaletsedwanso kulikonse pofuna kuchepetsa ovulala m'zipatala, ndipo lamulo loletsa kuyenda usiku linabwerera, loyambira 9 koloko. Wokhala ku Orange Farm kuti afike kwawo pa nthawi imeneyo amayenera kuweruka anthu asanayambe n'komwe kudya mgonero. Pa 22 Julayi eni malo odyera ndi antchito awo anatulutsa matebulo ndi mipando yopanda anthu m'misewu ya m'mizinda yambiri posonyeza kulira kwawo. Amuna anga anaimapo atanyamula chikwangwani, pambali pa abwana omwe aja amene sanawalembetse. Atabwera ndinawafunsa kuti, "Bambo, nanga inu mumalirira ndani?" Anati, "Mayi, denga likagwa siligwera mwininyumba yekha."

Orange Farm nayo ili ndi ntchito yake yolandira alendo, ngakhale siipezeka m'mabuku a zokopa alendo. Kuli nyumba zogona alendo za zipinda zinayi kapena zisanu, mashabini, malo ootcha nyama, obwereketsa matenti ndi mipando, ndi amayi a miphika ikuluikulu ya miyendo itatu amene amaphika pa maukwati ndi pa maliro. Alendo awo sachokera ku London. Amachokera ku Free State, ku Lesotho, ku KwaZulu-Natal, kudzaika m'bale wawo kapena kudzavina ukwati. Malire a zigawo atatsekedwa, opita ku maliro atachepetsedwa kufika pa anthu 50, ndipo kuchezera pa maliro usiku wonse kutaletsedwa, ntchito yonseyi inazima. Unduna wa zokopa alendo unali ndi thumba la R200 miliyoni lomwe linapereka R50,000 kwa bizinesi iliyonse mwa mabizinesi 4,000, koma linkafuna mapepala a kulembetsa bizinesi ndi a msonkho, omwe ambiri mwa amayiwa analibe. Anapeza njira zawo. Ena anayamba kukazinga magwinya, mandasi a kuno, ndi kugulitsa kota, chibenthu cha buledi chodzaza tchipisi ndi poloni. Ena anasoka masiki. Miphika ina ya ukwati inapita kumatchalitchi kukaphika supu wa ana. Ena anafulula mowa wa chinanazi mobisa, moti chinanazi chinakwera mtengo.

Pa 18 Ogasiti malire a zigawo anatsegulidwa ndipo mowa unabwerera. Pa 1 Okutobala ndege za kunja zinaloledwanso, mlendo atanyamula kalata yosonyeza kuti wayezedwa m'maola 72 apitawo. Koma alendo a masutikesi akuluakulu sanabwere. Apa mahotela anatembenukira kwa anthu amene anali pakhomo pawo nthawi yonseyi. Mitengo inatsitsidwa, zipinda zina zinasandutsidwa maofesi obwereka pa tsiku, zina zinkabwereketsedwa pa mwezi. Chakudya cha m'mawa chodzitengera wekha chinathetsedwa, ndipo pakhomo panaima munthu woyeza kutentha kwa thupi ndi kulemba dzina ndi nambala ya foni. Loweruka ndi Lamulungu tinayamba kulandira aphunzitsi a ku Soweto, anamwino a ku Sebokeng, mabanja okondwerera tsiku lobadwa la mwana. Ambiri ankandipatsa moni m'Chisutu kapena m'Chizulu, n'kundifunsa kwathu. Ndalama yawo inali yochepa poyerekeza ndi ya alendo a madola, koma ndiyo inachititsa kuti chitseko chisatsekedwenso.

M'miyezi yomweyo makalata ochotsa anthu ntchito anatuluka. Mwa oyala mabedi 16 aja tinatsala 7. Otsalafe tinauzidwa kuti tsopano aliyense azigwira paliponse: m'mawa kuperekera tiyi, masana zipinda, madzulo kochapira. Anati ndi mwayi wophunzira luso latsopano. Luso tinaphunziradi, koma malipiro anali a ntchito imodzi, ya masiku atatu pa sabata.

Eni mabizinesi anali ndi nkhondo yawonso, ya m'makhoti. Ambiri anali ndi inshuwalansi yowateteza bizinesi ikaima chifukwa cha matenda opatsirana, koma makampani a inshuwalansi ankati chomwe chatseka zitseko ndi lamulo la boma, osati matenda. Malo odyera a Café Chameleon a ku Cape Town anapambana mlandu wawo ndi kampani ya Guardrisk mu 2020, ndipo mu Novembala chaka chomwecho a Ma-Afrika Hotels anapambana wawo ndi Santam. Ndinakondwera nawo, chifukwa hotela yamoyo ndiyo imalemba anthu ntchito. Koma kusiyana ndinakuona. Bwana akalakwiridwa ali ndi loya ndi bungwe lomuyankhulira. Wotsuka mbale wopanda mapepala akalakwiridwa amaopa ngakhale kudutsa pakhomo pa ofesi ya zantchito, kuopa kukathera ku Lindela, komwe amasungako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo.

Ziletso za maulendo sizinagwire alendo olipira okha. Disembala ndi mwezi umene Amalawi a ku Joni timapita kwathu, mabasi atalemedwa ndi katundu. Mu Disembala 2020 pa Beitbridge anthu ndi malole anaima pamzere masiku angapo chifukwa cha kuyeza. Pa 28 Disembala kunalengezedwa kuti mowa waletsedwanso ndipo magombe ambiri atsekedwa, kenako pa 11 Januwale 2021 zipata 20 zapamtunda zinatsekedwa mpaka pakati pa Febuluwale. Mwezi umenewo mliri unakolera ku Malawi. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi. Sabata yotsatira apongozi anga aamuna anatisiya. Lamulo linkalola wobwera kutuluka m'dziko, koma ulendo wa pamsewu ndi wa masiku awiri, kuyezetsa kokha kunali R850, ndalama yoposa lendi yathu, ndipo maliro a nthawi imeneyo sankagona. Amuna anga anaperekeza bambo awo pa WhatsApp, atakhala pa njinga m'mbali mwa msewu, chakudya cha munthu wina chikuzizira m'bokosi kumbuyo kwawo.

Chaka cha 2021 chinali cha tsegula-tseka. Kumapeto kwa Juni maulendo ongocheza olowa ndi kutuluka mu Gauteng analetsedwa, ndipo malo odyera anabwerera ku chakudya chonyamula. Titayamba kupuma mu Novembala, buku la alendo a Khirisimasi litayamba kudzaza, akatswiri a dziko lino analengeza pa 25 Novembala kuti apeza mtundu watsopano wa kachilomboka, umene unadzatchedwa Omicron. Pasanathe tsiku Britain inaimitsa ndege zochokera kuno. Mayiko ena anatsatira, ndipo m'masiku ochepa dzina la Malawi linali pa mndandanda wa Britain ndi wa America. Pulezidenti Lazarus Chakwera, amene anali wapampando wa SADC, analemba pa Facebook kuti ziletso ziyenera kutsamira pa sayansi, osati pa kuopa Aafirika. Ku hotela foni inalira Lachisanu lonse, ndipo aliyense woimba ankafafaniza dzina lake. Aganyu amene anali ataitanidwa kuti adzayambe Lolemba analandiranso uthenga uja. Britain inachotsa chiletsocho pa 15 Disembala, koma mame a Khirisimasi anali atakamuka kale.

Boma linathetsa lamulo la ngozi mu Epulo 2022, ndipo mu Juni kuvala masiki kunasiya kukhala kokakamiza. Lero hotela yathu imadzazanso. Koma zina zimene zinabwera ngati zongoyembekezera zinakhazikika. Oyala mabedi tilipo 10, ndipo pepala langa limakhala ndi zipinda 18. Ambiri olembedwa kumene ndi olipidwa pa ola, oitanidwa pafoni madzulo a dzulo lake. Amuna anga sanabwerere ku uweita. Njinga tsopano ndi yawoyawo, ndipo mvula ikamagwa ine mtima umakhala m'mwamba mpaka atafika. Mahotela anaphunzira kuti angathe kuyenda ndi anthu ochepa, ndipo phunziro lotere bwana saliiwala. Nafenso tinaphunzira zathu. Amayi 12 a ku Malawi kuno tili ndi chipereganyu, ndipo gawo lina la ndalama zake siligawidwa pa Khirisimasi; limadikira tsiku lomwe zipata zidzatsekedwenso. Wobwera kumene akandiuza kuti wapeza ntchito pa malo odyera, ndisanafunse za malipiro ndimayamba ndamufunsa ngati amapatsidwa kapepala ka malipiro, ndiponso ngati dzina lake linalembetsedwa ku UIF.

Ngongole ya lendi ndinamaliza kubweza mu Ogasiti 2022. Agogo anakana kuyang'ana m'buku langa, anangoti zimene ndalemba ndi zomwezo. Chaka chomwecho, pa mtengo wotsika umene hotela imapatsa antchito ake, ndinawalipirira usiku umodzi. Anafunda bulangete lawo lachisutu, kumanga duku latsopano, n'kukwera nane matakisi awiri. Anali ndi zaka 74, ndipo zaka 30 mwa izo anazithera m'makhitchini a anthu ena kumpoto komweko, koma mu hotela anali asanagonepo. Anafunsa chifukwa chake bedi la munthu mmodzi lili ndi mapilo anayi, ndiponso kuti amachapa zonsezi ndani. Ndinawauza kuti ndi ife. M'mawa nditagogoda ndi ngolo yanga ya zofunda, ndinapeza bedi atayala kale, matawulo atapinda, bafa atatsuka, iwo atakhala pampando chikwama chili pamiyendo, akudikira kuti ndiweruke tibwerere ku Orange Farm.